Mlonda wa Achimwene

Chikamveka,
Zomba.
Lachiwiri.

Okondedwa achimwene a Gilson,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Joniko. Muli bwanji inu, alamu anga a Kate, ndi kamtsikana kathu Melissa? Chifuwa chija chinamusiya? Kuno tilipo ndithu, kungoti dzuwa latipsereza, ngakhale phiri likuoneka lotuwa ndi utsi. Amayi mwendo uja wachepako, moti Lamlungu anayenda okha kupita ku Misa, pobwera mpomwe anakwera njinga.

Mudabwa kuona kuti ndalemba papepala n'kujambula ndi foni ngati munthu amene bandulo yamuthera. Si zimenezo. Ndikakuimbirani mumakhala muli pantchito, mumangoti tiyankhulana chemwali, n'kudula. Nkhani iyi si yoyankha muli chiimire. Pezani pokhala muwerenge mpaka pothera, chifukwa kuno madzi afika m'khosi.

Mukudziwa kuti chichokereni inu, makompyuta a ku koleji ya malume a Charles ali m'manja mwanga. Webusaiti imene munasiya yakhala ikuyenda bwinobwino, sindinganame. Koma ntchito yake inali yongoonetsa maphunziro ndi zithunzi. Kulembetsa mayeso ophunzira amachitabe pamzere, kuyambira pawindo la ofesi mpaka kunja kwa geti, ena akukomoka ndi dzuwa.

Chaka chino malume anavomera kuti ophunzira azilembetsa pa foni. Analemba ntchito mnyamata wina wa ku Matawale, dzina lake Thom, kuti aike pulogalamu yatsopano kumbuyo kwa webusaiti yanu, pa seva yomwe ija, kompyuta yaikulu imene imasunga webusaitiyo. Webusaiti imalandira munthu, n'kumupereka kwa pulogalamuyo, iyo n'kulemba dzina lake ndi mayeso amene akufuna. Tinayesa tili awiri muofesi, zinatheka. Tinayesa ndi kalasi imodzi, zinathekanso. Malume anamugwira Thom chanza pamaso pa aphunzitsi onse.

Tsiku limene tinatsegulira ophunzira onse mpomwe mavuto anayamba. Mmawa zinkayenda. Dzuwa likangokwera, tsamba lolembetsera linkayamba kuchedwa, kachizindikiro kaja kakungozungulira, kenako zii, tsamba loyera. Pakapita kanthawi linkadzuka lokha, kuyenda pang'ono, n'kugwanso. Tsiku lonse zomwezo.

Achimwene, palibe chimene sitinachikayikire. Tinayamba ndi a kampani ya intaneti, iwo anabwera, anayeza, n'kutiuza kuti mbali yawo ili bwino. Tinasintha nthambo zonse. Tinati mwina ndi kutentha, tinabwereka fani ya muofesi ya malume n'kuiloza pa seva, malume akutuluka thukuta kwawoko. Tinati mwina ndi magetsi, koma tsamba linkagwa ngakhale magetsi alipo. Mayi wina wa ku ofesi ya ndalama anafika ndi kabotolo ka madzi odalitsa kuti awaze pa makina, Thom anachita kuima pakhomo manja ali tambasu.

Kenako Thom anati pulogalamu yake imadya memore yambiri anthu akachuluka, ndiye mwina seva ikuperewera. Malume anadandaula koma anagula memore ina. Tinaika, makina anaiona, malo anachuluka mpaka kutsala. Tsamba linagwabe monga kale, nthawi zake zomwe zija. Apa mpomwe nkhope ya malume inasintha, ndipo anasiya kumutchula Thom dzina, anayamba kumangoti mnyamata uja.

Ophunzira nawo sanatisiye. Mtsikana wina, Yvonne, amene amachita lendi ku Matawale komweko, anandipeza pa geti n'kundionetsa foni yake. Anati wagula bandulo kangapo, yonse yathera pa tsamba loyera, ndipo akapanda kulemba mayeso chaka chino bambo ake amuitanitsa kumudzi. Anandifunsa kuti madamu, kodi tikalembetse kwa asing'anga? Anzake anaseka, iye sanaseke. Kulembetsa kukutsekedwa Lachisanu lino, ndipo a bungwe la mayeso sawonjezera tsiku.

Loweruka masana ndinapita ndekha ku ofesi. Ndinaganiza zosiya kusinthasintha zinthu, ndingokhala pansi n'kuyang'ana makina mmene akuchitira. Ndinatsegula pamene pamaonetsa mapulogalamu onse amene akuyenda, maso anga ali pa ya Thom. Ophunzira ankalowa, memore yake inkakwera pang'onopang'ono. Itafika pamlingo wina, inangosowa. Siinadandaule, siinalembe kuti yalephera kanthu. Ndinadikira idzuke, inakweranso, ndipo pamlingo womwe uja inasowanso.

Mutu unandiima. Pulogalamu yofa yokha siifa pamalo amodzimodzi nthawi zonse, memore yambiri ikadalipo. Ndinadziwa kuti pali china chimene chikuipha. Ndinafufuza kuti lamulo loipha likuchokera kuti, ndipo ndinapeza dzina lanu.

Mukukumbukira kapulogalamu kamene munalemba chaka chija akuba a pa intaneti analowa mu seva n'kuikamo zinthu zawo? Munakatcha Mlonda. Ntchito yake ndi kuzungulira m'makina, ndipo kakapeza pulogalamu imene sikakuidziwa ikudya memore yopitirira mlingo umene munaika, kamaipha pomwepo n'kudzutsanso webusaiti. Sikalemba paliponse kuti kapha pulogalamu. Mlingowo munauyeza pa kamakina kakale kaja, ndiye ngakhale tigule memore yodzaza ngolo, iko kakuwerengabe za kale.

Ndiye onani mmene zimakhalira. Ophunzira akachuluka, pulogalamu ya Thom imakula, Mlonda n'kuipha. Iyo imatenga nthawi kuti idzuke. Pamene ikudzuka, ophunzira amakhala akudina mobwerezabwereza, ndiye ikangotsegula maso imapeza chikhamu chikuidikira, imakula msanga kuposa poyamba, n'kuphedwanso. Kuchedwa konse kuja ndi kugwa konse kuja gwero lake ndi limeneli.

Sindikukuimbani mlandu. Nthawi imene munakalemba kanapulumutsa koleji, ndipo tonse tikudziwa. Kakugwira ntchito imene munakapatsa. Kungoti palibe anakauza kuti kwabwera mlendo wa pakhomo.

Kukazimitsa ndi mzere umodzi wokha. Ndinaulemba mzerewo, chala chili pa batani. Koma inu simunaone chimene malume anachita mutachoka. Anamata pepala lokutidwa ndi pulasitiki pachitseko cha chipinda cha seva, lolembedwa kuti za Gilson zisakhudzidwe popanda chilolezo chawo. Mlendo aliyense wobwera pa koleji amamuonetsa chitsekocho n'kumuuza kuti mwana wa mlongo wawo, amene anamulera okha, ndi amene anamanga zonsezi. Ndinakumbukira pepalalo, ndinakumbukira mmene anatilerera, ndinafufuta mzere uja. Ndinati ndiyambe ndapempha, Lolemba si kutali.

Ulemu umenewo ndi umene wandipweteka. Ndikanangodina Loweruka lomwelo, Lolemba zinthu zikanayenda Thom ali pampando wake, ndipo kalata ino simukanailandira.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakhala ndikukubisirani, ndipo mundikhululukire kuti mukuchimvera pakati pa nkhani ya makina. Thom si mnzanga wa kuntchito chabe. Tinadziwana kukwaya asanabwere n'komwe ku koleji, ndipo tagwirizana zomanga banja. Ntchitoyi sindinamupezere ndine, anafunsira yekha ngati wina aliyense, ndipo tinapangana kuti pa koleji tizikhala ngati anthu ongodziwana. Amayi akudziwa. Akwawo akubwera Loweruka likubwerali kudzaonekera, ndipo mukudziwa amene adzawalandire. Mwini mbumba ndi malume a Charles.

Amayi anawauza kale malume kuti kukubwera alendo a nkhani ya Consolata. Malume anasangalala, anati tidzawaona, dzina sanafunse chifukwa mutu wawo unali pa za mayesozi. Mavuto atakula, amayi anaopa kulitchula dzinalo. Mpaka lero malume sakudziwa kuti mnyamata uja ndi mkamwini amene akumudikira.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, ine ndi Thom tinakwera kuphiri, tinakakhala m'mbali mwa damu la Mulunguzi kumene kulibe maso a anthu a pa koleji. Ndinamufotokozera za Mlonda. Anaseka, kuseka kwa munthu amene wamutula katundu. Anati masiku onsewa amadziona ngati mbuli, mpaka anayamba kuganiza zobwerera kukagulitsa mafoni kumsika. Tinapangana kuti mmawa ndikawaone malume pawekha, mwaulemu, ndipemphe chilolezo.

Dzulo mmawa ndinalowa muofesi yawo. Ndinayamba bwinobwino, koma nditangotchula dzina lanu anakweza dzanja. Anati zaka zonsezi za Gilson zayenda popanda vuto, walowa uyu zayamba kufa, ndiye iwe ukuti wolakwa ndi Gilson? Ndinati sindikunena kuti ndinu wolakwa, ndikungopempha kuti andilole ndiwaonetse pa kompyuta. Anati iwo za pa kompyuta sazidziwa, koma anthu amawadziwa, ndipo mmisiri wolephera amanamizira amene anamanga maziko. Anandifunsanso kuti kodi mnyamatayo wandidyetsa chiyani kuti ndiyambe kunyoza mlongo wanga ali kutali. Ndinatuluka.

Masana anaitanitsa msonkhano wa aphunzitsi ndi ogwira ntchito onse. Anamuimiritsa Thom kutsogolo n'kumufunsa funso limodzi, kuti anene pamaso pa anthu chimene chikugwetsa webusaiti. Ine ndinamuyang'ana Thom kuti anene, poti yankho analidziwa.

Achimwene, munthu uja anaweramitsa mutu n'kunena kuti pulogalamu anaika ndi iye, ndiye ngati zinthu zasokonekera chibwerereni iye, mlandu ndi wake. Anapepesa. Ndinaimirira kuti ndiyankhule, malume anati iwe mwana khala pansi, za iwe tamva kale mmawa. Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinakhala.

Pomwepo anamulanda makiyi n'kumuuza kuti asapondenso pa koleji. Pulogalamu yake anati ikhale, poti inalipiridwa kale, ine ndiione mmene ndingaichitire. Thom atatuluka, malume anauza anthu kuti mnyamata wotere sangasunge ngakhale nkhuku, ndipo tsoka kwa mkazi amene adzakwatiwe naye. Anthu anaseka. Ine ndinayang'ana pansi, misozi ikugwera pa siketi.

Madzulo ndinamupeza ku Matawale, ndipo sindinamunyengerere. Ndinamufunsa kuti wadzipachikiranji pa mlandu woti si wake. Anandiyankha kuti munthu sungachititse manyazi mwini mbumba pamaso pa antchito ake Lolemba, Loweruka n'kutumiza amalume ako kukagwada pakhomo pake. Anati ntchito zimapezeka, koma nkhope ya mkulu ukaigwetsa pagulu siitoleka. Ndinamuuza kuti nzeru zakezo zatiphera zonse ziwiri, ntchito ndi ukwati womwe, chifukwa Loweruka malume akadzaona amene walowa pa geti adzangonyamuka n'kumapita. Ndinamukwiyira, ndipo ndikadamukwiyirabe, koma ndikumukonda kuposa kale. Zimenezi ndikukuuzani poyera.

Tsopano mvetsani pamene ndagwira njakata. Mlonda akadali moyo, ndipo lero lomwe wapha pulogalamu ija kangapo ine ndikuyang'ana. Ndingathe kumuzimitsa nthawi ina iliyonse. Koma ndikamuzimitsa mwakachetechete, webusaiti iyamba kuthamanga Thom atangochotsedwa kumene. Malume adzati mwaona, tachotsa wovuta uja zinthu zayenda. Koleji yonse idzavomereza, ndipo palibe adzakhulupirire china. Dzanja langa lomwe ndi limene lidzatsimikize bodzalo.

Ndikapanda kumuzimitsa, Yvonne ndi anzake ataya chaka chifukwa cha ukwati wanga. Lero mmawa ndinadutsa pakati pawo pa geti, onse mafoni m'manja, akundipatsa moni mwaulemu, osadziwa kuti mankhwala ndili nawo m'thumba. Ndinachita manyazi moti chakudya chamasana chandikanika.

Mwina mukuti bwanji osangowaonetsa malume umboni. Ndayesa. Sayang'ana pa kompyuta, ndipo wina aliyense pa koleji amene angamvetse zimenezi amadya za malume, sangatsegule pakamwa. Amayi anati ayesa kuyankhula ndi mlongo wawo, koma za seva angafotokoze chiyani? Akangoyamba, nkhani idzakhala yoti Consolata akuteteza chibwenzi chake, ndipo zidzaipiratu. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Pano pamkhate pakhala inu, ndipo amene angakutsitsenipo ndi inu nokha.

Pempho langa ndi ili. Aimbireni malume. Musatumize uthenga wolemba, amangouona n'kuika foni m'thumba. Aimbireni amve mawu anu. Muwauze kuti munasiya Mlonda m'makina, kuti ntchito yake ndi kupha chilichonse chachilendo, ndipo kuti mnyamata uja akanachita bwanji sakanapambana. Muwauze kuti mwandilola ndimuzimitse, iwo ataima pambali panga, aone ndi maso awo tsamba likudzuka. Za ukwati musatchule, imeneyo ndi mbali yanga ndi amayi.

Ndikukudziwani, achimwene. Mawu oti ndinaiwala amakuwawani pakhosi ngati mankhwala a malungo. Ndipo ndikudziwa kuti mumakonda mmene malume amakutchulirani, ndani sangakonde? Koma simutaya kanthu. Inu mukanena, malume adzati Gilson ndi mwamuna, wapeza vuto ali ku Joni. Adzakutamandani kuposa kale. Mawu omwewo ndikanena ine ndi mwano, akanena Thom ndi kunamizira. Kwa inu ndi foni imodzi.

Ngati mukukayika, lowani nokha mu seva, akaunti yanu sindinaitseke. Dikirani dzuwa likwere kuno, muyang'ane pulogalamu ya Thom mmene ikukulira ndi pamene ikusowera. Simudzafuna kuti wina akufotokozereni.

Ndikuuzeninso chimene ndatsimikiza, kuti musadzati sindinanene. Lachinayi mmawa ndikamuzimitsa Mlonda, kaya mwaimba kaya simunaimbe. Ana aja akufunika masiku awiri kuti onse alembetse, ndipo sindingawaphere chaka. Ndamuuza Thom, wavomera, wati ndi zoyenera. Ndiye mukaimba isanafike nthawiyo, tsamba lidzadzuka n'kumuyeretsa. Mukachedwa, lidzadzuka n'kumumanga, ndipo wodina batani ndidzakhala ine.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndalemba zonsezi osabisa kanthu. Sindinakupempheni chinthu chachikulu chiyambire. Ichi ndiye ndikupempha.

Mundiperekere moni kwa alamu a Kate, muwauze kuti chitenje chija ndinachipeza ndipo ndidzapatsira munthu wodalirika. Melissa mumupsompsone m'malo mwanga. Amayi akuti Ambuye akusungeni pantchito ndi pamsewu, ndipo akuti ndikuuzeni kuti akuyamba novena usiku uno, inu mukudziwa chimene akupempherera.

Mipando ya Loweruka ndabwereka kale ku tchalitchi, ili pakhonde, amayi aifunditsa nsalu kuopa fumbi. Kaya alendo adzakhalapo, kaya ndidzaibweza osakhalidwa, zili pakamwa panu.

Mulungu akudalitseni ndi kukufewetsani mtima.

Ndine mlongo wanu,
Consolata